Chifukwa chake guluu amakana chigubu

Amene mumadutsa pa Nathenje chakumadzulo ana ataweruka kusukulu mukudziwa kuti pamsewu wa M1 pamayenda magalimoto a mitundu iwiri. Paphula pamadutsa malole olowera ku Dedza ndi kuchipata cha Mozambique, maminibasi ochokera m'tauni, ndi njinga zamoto za kabaza. M'mphepete mwake, pafumbi, pamayenda ena aang'ono, chiwongolero chake ndi waya wautali kapena bango, dalaivala ali wapansi, injini ikulirira pakamwa pake. Mukapita ku Mitundu, pa Nanjiri kapena pa Kamphata mukawapezanso. Kale magalimoto amenewa ankakhala a mawaya okhaokha, ena a mapesi, ena oumba ndi dongo. Masiku ano ambiri alowa pulasitiki: thupi ndi chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa kapena botolo la maheu, matayala ndi zitsekerero za mabotolo, galasi lakutsogolo ndi kachidutswa ka botolo la madzi. Kusintha kumeneku kwabwera ndi vuto limene mawaya analibe. Mawaya amamangana okha. Ukapinda wina n'kumukulunga pa mnzake, basi agwirana. Pulasitiki alibe chifundo chotere. Zidutswa ziwiri za chigubu sizigwirana zokha, ndipo galimoto ya mwana ikamafa, imafera polumikizira.

Munthu wamkulu akaona mwana akumanga zidutswazo ndi mphira zodula ku chubu cha njinga, kapena akuzisoka ndi kawaya, kawirikawiri amamumvera chisoni. Amati mwanayu akadakhala ndi guluu ngati ana akunja, bwenzi galimoto yake ili yooneka bwino. Ena amafika popisa m'thumba n'kumugulira supaguluu pa okala. Guluuyo amagwira tsiku limodzi, mawa lake chitseko chagwa, ndipo mlandu umagwera wogulitsa, ati wagulitsa guluu wachinyengo. Ine ndikuti guluu uja alibe mlandu, ndipo mwana uja sanalakwitse pomanga ndi mphira. Pa mtundu wa pulasitiki amene ali m'manja mwake, kumanga, kusoka ndi kuwotcherera ndiyo njira yolondola, yomwenso mafakitale akuluakulu amatsata. Chimene ana athu akusowa ndi munthu wowauza kuti pulasitiki si mmodzi, ndi kuti mtundu uliwonse uli ndi malumikizidwe akeake.

Tiyambire kunja komwe timakonda kudziyerekeza nako. Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu, ambiri a iwo akuluakulu a ndevu zawo, amene amagula timagalimoto, tindege ndi tisitima tosamanga m'bokosi, n'kumatilumikiza okha kunyumba. Kampani ya Airfix ya ku Britain inalowa m'malonda amenewa mu 1949 ndi kathirakitala ka mtundu wa Ferguson, ndipo ku Shizuoka m'dziko la Japan kuli kampani ya Tamiya yodziwika dziko lonse pa ntchito yomweyi. Ena mwa okonda luso limeneli sakhutira ndi zam'bokosi. Amadula denga la galimoto ina, n'kutenga matayala a inzake, n'kupanga yawoyawo imene kusitolo kulibe, monga momwe amachitira mwana wa pa Nathenje. Zidutswa zawo pafupifupi zonse ndi za pulasitiki wotchedwa polystyrene, ndipo chimene amalumikizira, ngakhale chili m'kabotolo ngati guluu, si guluu kwenikweni. Ndi mankhwala amadzimadzi osungunula pulasitiki. Akapaka pang'ono m'mphepete mwa zidutswa ziwiri, mbali zonse ziwiri zimafewa n'kulowana, ndiye mankhwalawo akauluka pamatsala pulasitiki mmodzi wopanda msoko. Palibe chachitatu chotsala pakati kuti chizigwirizira. N'chifukwa chake ntchito yawo imaoneka yosalala chotero.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Mmisiri wa mipope akamalumikiza mapaipi a PVC amachita zomwezo: amapala pang'ono, amapaka mankhwala onunkha aja a m'kachitini, amalowetsa paipi m'inzake, ndipo pakapita kanthawi simungazilekanitsenso popanda sowo. Koma mufunseni mmisiri yemweyo ngati mankhwala amenewo angagwire paipi yakuda ya m'dimba ija imene imabwera yokulungidwa, akusekani. Imeneyo amailumikiza ndi zomangira zopotokola, kapena kuikakamiza pa kapaipi kolowa m'kati n'kumanga ndi mphira. Paipi yakudayo ndi polyethylene, m'bale wake weniweni wa chigubu chimene mwana akudula.

Tembenuzani chigubu kapena botolo, muyang'ane kunsi kwake. Nthawi zambiri mupeza kachizindikiro ka ngodya zitatu kali ndi nambala m'kati, kuyambira 1 mpaka 7. Manambalawa anayambitsidwa mu 1988 ndi bungwe la makampani a pulasitiki ku America pofuna kuthandiza osankha zinyalala, koma kwa wopanga galimoto ndiwo amanena zoyenera kuchita. Nambala 1 ndi PET, wa mabotolo oonekera m'kati a madzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Nambala 2 ndi 4 onse ndi polyethylene, 2 wolimba wa zigubu, 4 wofewa wa mapepala ambiri apulasitiki. Nambala 3 ndi PVC wa mapaipi uja. Nambala 5 ndi polypropylene, wa ndowa, mabeseni ndi zitsekerero zambiri, ndipo 6 ndiye polystyrene wa anzathu akunja aja. Tsopano yendani pamsika wa Nathenje muone zimene zili mbwee pansi: ndi 1, 2 ndi 5, pomwe 6 wolimba ngosowa. Ndipo 2, 4 ndi 5 ndi amene amakana guluu. Polyethylene ndi mtundu umodzi ndi phula la kandulo, kungoti tizingwe timene timamupanga n'tatitali kwambiri. Khungu lake n'loterera moti chamadzimadzi sichiyala pamenepo, chimangounjikana timadontho ngati mame patsamba la koko, ndipo guluu amene sanayale sangagwire. Mankhwala osungunula aja nawonso samukhudza. Paja asidi wa batire, mankhwala a mbewu ndi mafuta amasungidwa m'zigubu zoterezi. Chimene chimachititsa chigubu kukhala chabwino kusungiramo zinthu ndi chomwecho chimene chimachiletsa kumatika.

Umboni wina uli pa guluu mwiniwake. Supaguluu, amene anatulukiridwa ndi Harry Coover ndipo kampani ya Eastman Kodak inayamba kumugulitsa mu 1958, amauma akakumana ndi chinyezi, n'chifukwa chake amamata zala msanga kuposa china chilichonse. Nanga bwanji samata chitsekerero cha chubu chake chomwe kuti chisadzatsekukenso? N'chifukwa opanga anasankha dala pulasitiki amene guluuyo samugwira, polyethylene kapena polypropylene. Zouma zikaunjikana pakamlomo mumangozitokosa ndi chikhadabo, zagwa. Ndiye bambo akagula guluu ameneyu kuti amate zitsekerero ziwiri zikhale tayala, akumutuma kukagwira chinthu chomwecho chimene akatswiri anasankha chifukwa chakuti sachigwira. Mafakitale akafuna kulemba kapena kumata pa zigubu amayamba adutsitsa khungu lake palawi kapena pamagetsi amphamvu, kapenanso kupaka mankhwala apadera, zinthu zimene pa okala simungazipeze.

Nambala ikafufutika, kapena chidutswa chikadulidwa kutali ndi chizindikiro, beseni la madzi limaweruza mlandu. Kachidutswa ka 2, 4 kapena 5 kamayandama chifukwa n'kopepuka kuposa madzi. PET ndi PVC amamira msanga, polystyrene wolimba amamira pang'onopang'ono. Bola kachidutswako kasakhale ndi mpweya m'kati, ndipo tisawerengerepo polystyrene wofufuma ngati thovu uja wotetezera TV m'katoni, amene amayandama chifukwa ndi mpweya wokhawokha. Lamulo lake n'lalifupi moti mwana wa Sitandade 3 angaligwire pamutu: choyandama chimakana guluu. Ngakhale cholembera cha Bic chotha inki ndi phunziro pachokha, poti thupi lake loonekera m'kati ndi polystyrene ndipo limamatika bwino, pomwe chivindikiro chake ndi polypropylene, sichimatika. Thupi lomwelo ndi limene ana amalidula kukhala kapaipi kodutsamo ekiselo, kachitsulo kogwira matayala kaja.

Tione tsono zimene ana amachita popanda wowaphunzitsa mayina onsewa. Galimoto ya m'bokosi ya ku Japan ikatha kumangidwa imakakhala pashelefu, palibe woiyendetsa. Ya pa Nathenje imayenda mtunda, m'mabampu ndi m'miyala, imagundana ndi inzake, imasenza mchenga ndi mango. Polumikizira pouma gwa pamathetheka ndi kugwedezeka kotere, ndipo supaguluu akauma amakhala ngati galasi. Mphira zimatamuka n'kubwerera, zimameza kugunda konseko, ndipo zikatha mumangomasula n'kumanga zina osawononga chidutswa chilichonse. Galimoto yomangidwa ndi mphira imakonzeka pamsewu pomwepo, anzako asanakusiye patali.

Pamene mphira sizingakwane, mwana amasoka. Amatenthetsa msomali pambaula, atauzika m'chitsononkho kuti asapse zala, n'kubowola mabowo awiri kapena anayi, n'kulowetsa kawaya kofewa, n'kukapotokola kuseri. Apa pali nzeru imene mwina iye mwini sangaifotokoze. Bowo la mpeni kapena lezala limakhala ndi ngodya, ndipo mng'alu umayambira pangodya. Bowo la msomali wamoto n'lozungulira, komanso pulasitiki wosungunukayo amaunjikana m'mphepete n'kukhala ngati mkombero wa lichero, wolimbitsa pamene pakadang'ambika. Mu 1954 ndege ziwiri za mtundu wa Comet za ku Britain zinasweka zili m'mwamba, ndipo ofufuza anapeza kuti ming'alu inkayambira m'ngodya za mawindo ndi mipata ina ya m'thupi la ndegezo. Kuchokera pamenepo opanga ndege amaopa ngodya yakuthwa ngati njoka. Zinatengera miyoyo ya anthu kuti phunziro limeneli limveke kumeneko. Mwana wa chigubu amaliphunzira chitseko chikamung'ambikira kawiri.

Musaganizenso kuti kusoka ndi njira ya osauka okha. Pitani ku magalaja a ku Biwi mu Lilongwe, muone amakanika akuchotsa bampala ya galimoto ya ku Japan. Mabampala ambiri a masiku ano ndi a polypropylene, nambala 5 yomwe ija ya ndowa, ndipo Toyota kapena Nissan sawamata ku thupi la galimoto ndi guluu; amawagwiritsa ndi timakilipi, timabawuti ndi timano tolowana. Bampala ikang'ambika, okonza amaisoka ndi waya kapena kuiwotcherera ndi chitsulo chamoto. Minibasi yosokedwa kutsogolo imene ikuitanira anthu pa siteji ndi kagalimoto kamene kakuitsanzira m'mbali mwa msewu zakonzedwa ndi nzeru imodzi.

Kuwotcherera nako akatswiri ake tili nawo, ngakhale sitiwatchula akatswiri: abambo okonza ndowa ndi mabeseni, amene amayenda m'midzi kapena kukhala pamsika ndi kambaula ndi zitsulo zawo. Muwayang'anitsitse. Sadula chigamba pa chilichonse chimene apeza. Amafuna chidutswa cha ndowa inzake yakufa. Chifukwa chake n'chakuti pulasitiki aliyense ali ndi moto wake. Wofewa wa nambala 4 amasungunuka pa madigiri pafupifupi 110, wa chigubu pafupifupi 130, wa ndowa ya polypropylene pafupifupi 165, pomwe botolo la PET limadikira mpaka cha m'ma 250. Mukaphatikiza mitundu iwiri yosiyana, wina wayamba kuyenderera mnzake asanafewe, ndipo ngakhale onse atasungunuka sasakanikirana bwino, amangogundana ngati madzi ndi mafuta, n'kudzasiyana akazizira. Chigubu chimawotchereredwa ndi chigubu, ndowa ndi ndowa. PET ndiye wamwano, akangomva moto amakwinyika n'kuuma, choncho galasi lodula ku botolo ndi bwino kulilowetsa mumpata kapena kulisoka. Ndipo chitsulo chizingofewetsa, chisayatse. Utsi ukayamba ndiye kuti pulasitiki akuwonongeka, ndipo polumikizira popsa pamathyoka ngati bisiketi.

Ndipatukeko pang'ono pa nkhani ya kukula. Anzathu akunja amanyadira kuti zawo n'zoyezedwa, ndipo muyezo umodzi wodziwika pa timagalimoto ndi 1 pa 24, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kachoseweretsa ikuimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni. Tayala la minibasi ya Toyota Hiace n'lotalika masentimita pafupifupi 70, chitsekerero cha botolo la zakumwa ndi masentimita pafupifupi 3. Mukagawa mupeza 23. Ndiye kuti chitsekerero chotoledwa pansi chili pafupi zedi ndi muyezo wa makampani aja, ndipo minibasi ya mamita pafupifupi 5 iyenera kukhala masentimita 20 kuti igwirizane ndi matayala ake. Mwana amazipeza ndi maso, akaona kuti thupi lakulira matayala amasaka zitsekerero za zigubu. Mphunzitsi wa masamu amene akusowa chitsanzo cha kugawa angosuzumira pawindo la kalasi.

Alipo amene anganene kuti ndikukometsera umphawi, kuti ndikuveka nsanza dzina la luso n'cholinga chakuti tisachite manyazi. Mawu amenewa ali ndi mano, sindiwapeputsa. Mwana wa pa Nathenje sanasankhe chigubu chifukwa choposa polystyrene ubwino. Anachitenga chifukwa ndicho chilipo. Palibe cholakwika kumufunira pulaya, sowo yaing'ono, sandipepala ndi utoto, ndipo zipangizo zoterezi zingamukwezere ntchito yake kuposa guluu aliyense. Koma kusowa kwa zipangizo ndi nkhani ina, kulondola kwa njira ndi nkhani inanso. Injiniya wa ku Shizuoka mutamupatsa chigubu cha nambala 2 n'kumuuza kuti apange lole yoyenda pamiyala, nayenso angasiye kabotolo kake n'kuyamba kufunsa waya ndi chobowolera. Komanso m'bokosi muja wina analingaliriratu zonse: chidutswa chilichonse chili ndi nambala, malangizo ali papepala. Womangayo amaphunzira kudekha ndi kusamala kwa manja, zomwe ndi zabwino ndithu, koma sasankha kuti polumikizira pakhale pati. Mwana wodula chigubu amasankha yekha pamene thupi ligwire chimango, pamene katundu alemerere, pamene pafunika kugwedera ndi pamene pafunika kuuma. Mafunso amenewo ndi amene amapatsidwa kwa injiniya, osati kwa wongotsata pepala.

Amayi ambiri nkhawa yawo ndi ina, ndipo apa sinditsutsa chilichonse: moto, utsi, malezala, ndi kutola zinthu kudzala. Pulasitiki wosungunuka akadonthera pakhungu amakakamira n'kupitiriza kuwotcha. PVC akapsa amatulutsa utsi wa asidi wowononga maso ndi mapapo, pamodzi ndi poizoni wina wotchedwa dioxin. Mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala ophera tizilombo, zomwe m'dera la alimi a fodya, chimanga ndi ndiwo zamasamba ngati lino sizisowa, siziyenera kufika m'manja mwa mwana ngakhale zitatsukidwa. Palinso chizolowezi chosungunula polystyrene wa thovu uja m'petulo kuti akhale phala lomatira; phalalo limagwira ndithu pa zinthu zina, koma petulo ndi mbaula sizikhalira khonde limodzi. Komatu onani kuti ngozi zonsezi zimachepa ndi chidziwitso chomwe ndikunenachi. Mwana wodziwa nambala 3 saiika pamoto. Wodziwa kuti utsi ndi chizindikiro cha ntchito yowonongeka amachotsa chitsulo msanga, ndipo amagwirira ntchito panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwake. Kuletsa sikuthetsa magalimoto. Kumangosamutsa galaja kuchoka pakhonde, pamene mayi akuona, kupita kuseri kwa chigafa cha udzu, kumene msomali wamoto ungathe kupsereza fodya wa chaka chonse.

Ndiye pali abambo amene amati zonsezi n'zachibwana, mwana awerenge, mayeso a Sitandade 8 safunsa za galimoto. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anamanga makina amphepo opanga magetsi mu 2002 atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anafotokoza m'buku lake la 2009 kuti ali wamng'ono ankapanga malole a mapaketi a Chibuku. Pomanga makina ake, mapiko anadula ku paipi ya PVC n'kuiwongola ataifewetsa pamoto, ntchito imene sindingailimbikitse kwa mwana wamng'ono; mabowo anabowola ndi msomali wamoto wa chigwiriro cha chitsononkho, ndipo zitsekerero za mabotolo anazisandutsa mawashala. Za magetsi anazipeza m'mabuku a mulaibulale, koma manja anali ataphunzira kale pabwalo. Tisanamizane, si mwana aliyense wa galimoto adzakhale Kamkwamba, ndipo nthawi zina dzina lake timalitchula mopitiriza, ngati kuti luso limene silinafike pa kanema n'lachabe. Ambiri adzakhala amakanika, owotcherera, okonza mijigo ndi mapampu a m'dimba, ndipo ntchito zonsezo tsiku lililonse zimafunsa funso limodzi: ichi ndi ichi zigwirana bwanji? Chodabwitsa n'chakuti ana a ku America amawerenga za galimoto ya mawaya ya ku Malawi m'buku la Karen Lynn Williams la 1990 lotchedwa Galimoto, pomwe kwathu kuno galimoto yeniyeniyo imasiyidwa pansi pa mtengo belu likalira.

Chikhalirecho malo ake m'sukulu alipo kale. Ku pulayimale kuli phunziro la Expressive Arts limene limafuna kuti ana azipanga zinthu ndi manja, ndi la Science and Technology limene limakamba za zipangizo ndi ntchito zake. Phunziro la polumikizira limangofuna beseni la madzi, mulu wa zidutswa zotsukidwa, ndi mphunzitsi wololera kuitana bambo wokonza ndowa kuti adzaime kutsogolo kwa kalasi kwa ola limodzi. Ku Bunda, pafupi ndi Mitundu pomwepa, LUANAR imaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi. Ophunzira ake sangavutike kufotokoza zimenezi, ndipo sukulu zowazungulira n'zofikika pa njinga. Atsikana nawonso asamangoonerera. Tazolowera kuti galimoto ndi ya anyamata, mtsikana n'kumupatsa ndowa, pamene ndowayo ikang'ambika wovutika nayo ndi iye. Wina anganenenso kuti tikamalimbikitsa zoseweretsa za pulasitiki tikuvomereza zinyalala zimene dziko likulimbana nazo chiletsereni mapulasitiki opyapyala osakwana mamaikiloni 60 mu 2015, chiletso chimene Khoti Lalikulu la Apilo linachivomereza mu 2019. Zoona, magalimoto a ana sangayeretse mtsinje wa Nathenje, ndipo tisadzinamize kuti angatero. Koma ntchito yobwezera pulasitiki kufakitale imayamba ndi kusankha, 1 payekha, 2 payekha, 5 payekha, ndipo munthu amene anazidziwa ali ndi zaka 10 safunikanso msonkhano woti akamuphunzitse.

Patsala malo amodzi amene amagonjetsa ngakhale akatswiri a pabwalo, pamene tayala limakumana ndi ekiselo. Apa pulasitiki akukumana ndi chitsulo, sipoko ya njinga kapena waya wokhuthala, ndipo zonse zili pa liwiro. Guluu sagwira chitsekerero, kuwotcherera sikutheka poti chitsulo ndi pulasitiki sizilowana, ndipo bowo limakula tsiku ndi tsiku mpaka tayala liyambe kudzandira ngati woledzera. Amene alimbana nalo vutoli amafika pa njira ziwiri. Ena amasiya tayala lizizungulira palokha pa ekiselo yosayenda, n'kulitchinga uku ndi uku ndi timawashala todula ku mapatapata akutha, timene kabowo kake kamakakamira chitsulo. Ena amaphatikiza zitsekerero ziwiri moyang'anizana, m'kati atadzazamo zidutswa za mapatapata omwewo, n'kukulunga mphira kunja; ndiye ekiselo imagwidwa ndi zofewa za m'katizo, n'kumazungulira yonse m'thupi la cholembera lomangidwa kunsi kwa galimoto. Njira yoyamba imakhota bwino chifukwa tayala lililonse limayenda liwiro lake. Yachiwiri imalimba pa katundu, koma pokhota imakhwekhwereza tayala limodzi, poti lakunja lili ndi mtunda wautali kuposa lam'kati pomwe onse amangidwa pa chitsulo chimodzi. M'lole yeniyeni vuto limeneli limathetsedwa ndi difu, chimphika cha magiya chija chili pakati pa matayala akumbuyo, chimene ana a m'mbali mwa M1 amawerama n'kuchisuzumira lole ikaima pa Nathenje kuti dalaivala agule chimanga chootcha.